Zingwe Zisanu za Apongozi

Pa anthu onse amene ndawasokera zovala pakhonde panga ku Nathenje, mmodzi yekha ndi amene sindinkatha kumuyeza ndi tepi: apongozi anga, mayi wobala akazi anga. Kwathu kuno mkamwini sakhudza apongozi ake aakazi. Ngakhale kuwayang'ana kumaso, sitiwayang'ana. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kumanzere ine kumanja, n'kupatsana moni titaleka mpata woti ngolo idutse. Ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi pachikamwini kwawo ku Mitundu, koma mukanandifunsa nthawi imeneyo kuti nkhope yawo ndi yotani, ndikanakufotokozerani bwino mapazi awo.

Anali munthu wabwino kwa ine, ndipo ichi ndinene poyamba. Akamwini anzanga ankalimitsidwa ngati ng'ombe, ine ayi. Pamene ndinapempha kuti nditenge akazi anga tikakhale kwathu, amalume a banjalo anakana kawiri konse. Anali apongoziwo amene ananena kuti, "Musiyeni mwana apite, Nathenje si kunja kwa dziko." Iwo anatsala okha m'nyumba yawo, ndi munda wa chimanga ndi kachigafa ka fodya.

Ine si telala wa pasitolo. Ndimalima ngati wina aliyense, makina anga ndi opalasa ndi mapazi, ndipo ndimasoka ndikaweruka kumunda. Koma ndili ndi matenda amodzi: pa nkhani ya nsalu sindifuna kuuzidwa. Munthu akandiuza kuti apa mwafupikitsa, magazi amandithamangira kumutu ndisanayang'ane n'komwe pamene akulozapo. Akazi anga amati ndikanakhala dokotala, bwenzi odwala akupepesa chifukwa chodwala molakwika.

Chaka chimenecho, mu Epulo, anthu akumaliza kuthyola fodya, kunabwera mayi wina wa m'mudzi mwa apongozi amene amagulitsa mtedza pamsika wa Nathenje. Anakhala pamkeka, namasula kansalu kamene anamanga pangodya ya chitenje chake.

"Amayi anu andituma," anatero akuyang'ana akazi anga, ngakhale uthengawo unali wanga. "Akuti abambo awasokere bulauzi ya manja aatali. Nsalu yake ikhale yofewa, yotamuka ija, ngati ya matisheti. Akuti mabulauzi awo akuwakwala, ndiye kuzizira kwayandikira. Miyeso ndi iyi."

M'kansalumo munali zingwe zisanu zosolola ku thumba la feteleza. Umu ndi mmene amayi ambiri achikulire amatumizira miyeso: amazunguliza chingwe pathupi, n'kudula pamene chakumana. Mayi uja anazitambasula pamkeka chimodzichimodzi. Ichi n'cha paphewa kufika m'chiuno. Ichi n'cha pachifuwa. Ichi kutalika kwa mkono. Zotsala ziwirizi n'zozungulira mkono, pamwamba pa chigongono.

"Ziwiri bwanji?" ndinafunsa.

"Akuti ichi n'cha kumanzere. Chomanga kansalu kofiirachi n'cha kumanja. Anandibwereza katatu kuti ndisasokoneze."

Ndinazitenga n'kuzifanizira. Cha kansalu kofiira chinali chachitali kuposa chinzake ndi zala zinayi. Ndinaseka mpaka ndinatsokomola.

"Anawayeza ndani?"

"Anadziyeza okha."

"Basi ndi zimenezo. Dzanja limodzi kugwira, mbali ina kuluma ndi mano. Mwaonapo kuti munthu wa mikono yosiyana chonchi? Uwu mkono wa munthu, uwu mwendo wa mbuzi yonenepa."

Mayi uja anaseka mwaulemu, n'kutsanzika. Akazi anga sanaseke. Anatenga chingwe chija n'kuchizunguliza pamkono pawo, chikukhwepa ngati chibangiri chobwereka.

"Bwanji tiimbe foni kwa aneba awo, tiwafunse?" anatero. "Amayi sachita zinthu mwachisawawa."

"Tiwafunse chiyani? Kuti mayi, kodi mumadziwa kuyeza? Mukufuna ndichite mwano kwa apongozi? Komanso nsalu imeneyi imatamuka. Ngakhale atanenepa, idzawakwana. Inu pitani mukaone nyemba zanu pamoto, za makina zisiyeni."

Anapitadi. Ine ndinaponya chingwe cha kansalu kofiira m'kabati ka makina, momwe mumakhala mabatani osweka ndi masingano othyoka, n'kutsala ndi zinayi. Safunsa anadya phula, amatero, ndipo mwambi umenewo ndimaudziwa kuyambira ndili mwana. Ndinkaona ngati amanenera anthu ena.

Koma ntchito yokha ndinaigwira ndi mtima wonse, ndipo ichi chimandipwetekanso. Nsalu yotamuka yabwino sipezeka pamiyeso kuno, ndiye ndinapita pa kaunjika tsiku la msika, n'kufukula mulu wonse mpaka ndinapeza diresi lalikulu la mtundu wa nyemba zofiira, lofewa, lopanda chibowo ngakhale chimodzi. Ndinalichapa, kuliyanika pamthunzi, kulimasula misoko yonse. Nsalu yotere ili ndi makani ake. Imatamukira mbali imodzi kwambiri, ndiye uyenera kuiyala moti kutamukako kuzungulire thupi, osati kutsika. Ukaidula, m'mphepete mwake mumapindika ngati tsamba louma. Makina anga amasoka msoko wowongoka wokha, ndipo pa nsalu imeneyi singano imadumpha, pena makina amaimeza n'kuitafuna. Ndinaika nyuzipepala pansi pake, n'kumasoka pamodzi ndi pepalalo, kwinaku ndikuikoka pang'ono kuti ulusi usadzaduke munthu akamavala. Ndikamaliza msoko ndinkang'amba pepala lija pang'onopang'ono, tizidutswa totsalira n'kumatitola ndi nsonga ya singano.

Khosi ndinalibwereza katatu. Loyamba linayasama, lachiwiri linachita makwinya, lachitatu linagona bwinobwino. Manja a bulauziyo ndinawadula onse awiri nthawi imodzi, nsalu itapindidwa, kuti afanane ndendende. Ndinatsata chingwe chachifupi chija, ndipo ndinachotsakonso pang'ono, poti ndinkaona amayi a m'tauni amakonda manja ogwira thupi. Ndinkafuna kuti apongozi akalowa m'tchalitchi, anzawo afunse kuti wakusokerani ndani.

Nditamaliza ndinaipachika pakhonde masiku awiri, ati kuti iwongoke. Zoona zake ndinkafuna odutsa aione.

Tinakaitula tokha kumapeto kwa Meyi, pa njinga yamoto ya kabaza, fumbi lili m'mano. Titafika akazi anga anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango, patali ndi khomo, monga mwa nthawi zonse. Apongozi anatuluka atafunda chitenje paphewa la kumanja, nakhala pansi chammbali, nkhope atalozetsa kunkhokwe.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Tayenda bwino, amayi, kaya inu mwatsala bwanji?"

"Ife tilipo. Kukalamba basi."

Akazi anga anawapatsa phukusi. Analilandira ndi dzanja lamanzere, lamanja lili m'chitenje. Munthu amene moyo wake wonse sanalandirepo kanthu ndi dzanja limodzi, ngakhale kwa mwana. Akazi anga ananyamuka kuti akawathandize kuvala, koma iwo anawabweza.

"Iwe kagwire nkhuku yoyera ija, alendo adye. Ndivala ndekha."

Anakhalitsa m'nyumbamo. Nkhuku inagwidwa, inaphedwa, madzi anawira, iwo osatuluka. Potsiriza anatuluka atavala, chitenje chija chili paphewa pomwe paja, n'kuyamba kuvina pang'onopang'ono pabwalo akululutira.

"Akamwini andiveka! Onani, anthu inu, akamwini andiveka!"

Akazi anga anali kuseri akusosola nkhuku, anangosuzumira n'kuwomba m'manja. Ine mwambo unkafuna kuti ndiyang'ane pansi. Koma wosoka sangapirire osaona ntchito yake pathupi la munthu, ndiye ndinaba kuyang'ana kamodzi. Nthawi yomweyo chitenje chinatsetsereka.

Ndinaona. Sindinganame kuti sindinaone. Kumanzere bulauzi inagona bwino. Kumanja nsalu inali itakokeka mpaka kuwala, mtundu wake utayera, ulusi wa msoko ukuoneka umodziumodzi. Pamkono pamene dzanja la bulauzi limathera, nsalu inalowa m'mnofu, ndipo zala zawo zinali zonenepa ngati nthochi. Anakoka chitenje msanga n'kupitiriza kuvina.

Mukudziwa chimene chinabwera m'mutu mwanga? Sichinali chakuti mayiwa akudwala. Chinali chakuti chingwe chija chinali cholondola, ine ndiye ndinalakwitsa, ndipo akazi anga akadziwa ndidzamva mpaka Khirisimasi. Kenako ndinayamba kudzitonthoza. Mwina njuchi yawaluma. Mwina n'kusenza fodya. Ndiponso mkamwini anganene bwanji kuti ndaona mkono wa apongozi? Anthu adzati unkayang'ana chiyani? Mwambo umene ndinali nditangouswa ndi maso anga, ndinauthamangira kuti undibise.

Ndinadya nkhuku ija, chiwindi ndi nthutumba zomwe, monga mlendo wolemekezeka. Pobwerera, akazi anga anandifunsa mokuwa chifukwa cha phokoso la njinga.

"Yawakwana bwino?"

"Ngati ndinachita kuwayeza ndi tepi," ndinayankha.

Juni anadutsa, Julaye anadutsa. Kunazizira kwambiri chaka chimenecho. Nthawi zina ndikatsegula kabati kufuna batani, kansalu kofiira kankandiyang'ana, ine n'kutseka msanga. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndiuze akazi anga apite akawaone amayi. Kawiri konse ndinalankhula zina. Mayi wa mtedza akabwera ankati apongozi ali bwino, bulauzi ija saivula, kutchalitchi ndi yomweyo, kumaliro ndi yomweyo. Ine ndinkamva kukoma.

Kumapeto kwa Ogasiti aneba anaimba foni. Anati apongozi alephera kutula ndowa pamutu, yawagwera, ndipo masiku atatu sanatuluke m'nyumba. Akazi anga anapita tsiku lomwelo, n'kubwera nawo kwathu kuti mawa lake akaonane ndi madokotala ku Nkhoma, poti kuchokera ku Nathenje ndi pafupi. Ndinawaperekeza, koma ndinatsala panja pabenchi, pamalo pa mkamwini.

Akazi anga anatuluka dzuwa litapendeka, atanyamula bulauzi ija m'manja. Anakhala pambali panga n'kuiika pamiyendo panga. Dzanja lamanja la bulauziyo linali lotumbulidwa kuyambira kumapeto mpaka kukhwapa.

"Inakana kuvuka," anatero. "Anamwino achita kudula ndi sizasi. Akuti atsata msoko wanu kuti mwina mudzathe kukonza."

Ndinagwira msoko wotumbulidwawo, iwo n'kupitiriza.

"Ndi chotupa cha m'bere. Chafika kukhwapa, n'chifukwa chake mkono ukutupa. Adokotala afunsa kuti chinayamba liti, amayi akuti nthawi yothyola fodya. Adokotala angopukusa mutu. Akuti achita zimene angathe, atitumizanso ku Lilongwe, koma tikanabwera kale zikanakhala zina."

Anapukuta misozi ndi ngodya ya chitenje, n'kupitiriza mawu ali pansipansi.

"Ndawakalipira. Ndati amayi, miyezi yonseyi osanena bwanji? Mukudziwa zimene ayankha? Akuti, 'Ndinanena, mwanawe. Bere si nkhani yotuma munthu wa pamsika. Ndinatumiza zingwe. Ndinkati mukaziona mudzabwera kudzafunsa. Mutabwera ndi bulauzi ya manja ofanana, ndinati basi, ana aona kuti si nkhani yaikulu.'"

Pamenepo ndikanatha kukhala chete, mlandu wanga ukanakhala wa chingwe chokha, umene akazi anga ankaudziwa kale. Wina uja ankaudziwa ndi Mulungu yekha. Koma bulauzi inali pamiyendo panga, msoko wanga wokongola uja utayasama, ndipo ndinaulula.

"Mayi, tsiku lija tinapita ku Mitundu, ndinaona mkonowo. Chitenje chinagwa. Ndinaona kuti watupa."

Anatembenuka n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Munaona?"

"Ndinaona."

"Ndiye munati yawakwana ngati munachita kuwayeza."

Sanakuwe, sanatukwane. Bwenzi zili bwino akanatero, poti kukangana ndimakutha. Anangotenga bulauzi ija pamiyendo panga, kuipinda bwinobwino, n'kubwerera m'chipatala. Kwa milungu iwiri ankandiikira chakudya patebulo, madzi osamba kubafa, moni wa m'mawa, zonse mwa ulemu wake, ngati ndine mlendo wochokera kumpingo. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo mpaka lero sanathe. Sindikudziwa ngati miyezi itatu ija ikanawapulumutsa apongozi. Madokotala sananene motsimikiza, ndipo ine sindine dokotala. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyeziyo inali yawo, ndipo ndinawadyera ine kuopa kuuzidwa kuti ndalakwitsa kudula nsalu.

Apongozi anakhala kwathu kuyambira pamenepo, akupita kuchipatala n'kumabwerera, mpaka pamene anatisiya chimanga chikumasula. M'nyumba yazipinda ziwiri kupewana n'kovuta, koma tinkayesetsa. Iwo akakhala kuseri, ine pakhonde. Ndikafuna kudutsa ndinkatsokomola kaye. Makina ndinawaphimba ndi nsalu, anthu obwera ndi zosoketsa ndinkawauza kuti lamba waduka.

Tsiku lina m'mawa, cha mu Seputembala, ndikukonza mpini wa khasu pakhonde, ndinamva mapazi akukwekwereza. Anali iwo, akazi anga atawagwira mkono wabwinowo. Ndinanyamuka kuti ndiwapatse malo.

"Khalani, bambo," anatero apongozi. "Ndabwera kwa inu."

Anakhala pamkeka pafupi ndi makina, pafupi kwambiri moti ndinkamva kupuma kwawo. Sanalozetse nkhope kumbali. Anandiyang'ana, ndipo kanali koyamba kuona kuti ali ndi kachipsera pamwamba pa diso, ndiponso kuti maso a akazi anga ndi awo.

"Mwanayu wandiuza zonse," anatero. "Za chingwe, ndi zinazo."

"Amayi, ndinalakwa. Ndilibe mawu."

"Mawu asiyeni, sindinabwerere mawu. Bulauzi ija inali yabwino. Khosi lake silinkandikwala, m'mawa sindinkamva mphepo. Anzanga onse anafunsa kuti wasoka ndani, ndipo ndinkawauza. Koma inkandiluma, bambo. Povala ndinkachita kuluma mano. Ndinkati ndikaisiya, mudzamva kuti apongozi anyoza ntchito yanu."

Ndinayang'ana pansi, ulendo uno osati chifukwa cha mwambo.

"Tsono kuchipatala kuja m'mawa kumazizira pamzere, ndipo mkono uwu anthu amaucheukira. Ndikufuna ina. Nsalu yomwe ija ngati ingapezeke."

"Ipezeka, amayi. Mayi awa akuyezani, andipatsa miyeso."

"Ayi."

Anachotsa chitenje paphewa n'kutambasula mkono uja kwa ine, akuuchirikiza ndi dzanja linalo. Unali wolemera, wowala, khungu litakokeka. Akazi anga anagwira pakamwa.

"Amayi, anthu akaona..."

"Aone. Zingwe zanga abambowa sazikhulupirira. Ayeze okha ndi tepi yawo."

Sananene mokalipa. Mwina munali kanthabwala pang'ono, poti anali munthu wotero, koma palibe anaseka. Ndinatsegula kabati kuti nditenge tepi, ndipo chimene chinayamba kubwera m'dzanja langa ndi chingwe chija, kansalu kofiira kali pomwepo. Apongozi anachiona.

"Ohoo, chilipo? Tayambani ndi chimenecho."

Ndinagwada. Ndinazunguliza chingwe pamwamba pa chigongono, pamalo pamene iwo anadziyeza okha mu Epulo, mbali ina ataluma ndi mano. Khungu lawo linali lotentha. Chingwe chimene ndinachiseka kuti n'chachitali kwambiri sichinakumane. Panatsala mpata wa zala zitatu, ndipo tonse atatu tinauyang'ana mpatawo.

Kenako ndinatenga tepi, n'kuyeza pamwamba, pachigongono, ndi pamfundo ya dzanja. Ndinatenga choko kuti ndilembe pathabwa la makina, koma manambala sankaoneka bwino, ndinachita kupukuta m'maso ndi phewa.

"Mwapeza zingati?" anafunsa.

Ndinawauza.

"Lembani zomwezo, bambo," anatero akubweza chitenje paphewa. "Ulendo uno musachotsepo."